Botolo Limene Ndinalimiza Pansi pa Nyanja

Mutu uno wa mbiri yanga ndaulembera inu adzukulu anga, Mphatso ndi Chikondi, amene mumandimva ndikamalankhula koma mumandiyankha m'Chingerezi. Ndaulemba m'Chichewa chomwecho, ndipo ndasamala mawu alionse, pokhulupirira kuti tsiku lina mudzaufuna nokha. Za ubwana wanga sindinenapo kanthu pano. Ndikufuna kulongosola za ntchito yanga yoyeza madzi, ndi za amayi anu, amene ndiziwatchula dzina lawo la Tamanda, pakuti kwa ine ndi mwana. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu ndinamubisira chifukwa chenicheni chimene ndinachokera pa ntchito ya ku dziko la Aarabu, kuchoka kumene kunamudulira sukulu. Ndinkaopa kuti akadzamva sadzandiyang'ananso monga bambo wake.

Zomba, m'zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa malo oyeretsera madzi m'munsi mwa phiri. Mkulu wathu anali a Nkhoma, munthu wamfupi, wa kabudula wa kaki wosita mpaka kuwala, amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Tsiku loyamba anandipatsa botolo nanditumiza kumtsinje kuti ndikatunge madzi oti tiyeze. Ine, pofuna kuonetsa changu, ndinavula nsapato ndi kulowa m'madzi mpaka m'maondo. Iwo anali atanditsatira mwakachetechete.

"Kodi wabwera kudzatunga kapena kudzasamba?" anandifunsa ali pa mwala. "Matope wavundulawo tikalembe kuti ndi a mtsinje kapena ndi ako?"

Pamenepo anandiphunzitsa katungidwe kamene kanakhala m'dzanja langa moyo wonse. Botolo ulitsuke katatu ndi madzi omwewo. Uime pamtunda, uyang'ane kumene madzi akuchokera, umize dzanja mpaka m'chigongono, ndipo usakhudze pansi. Anandibwerezetsa kwa mlungu wathunthu, mpaka ndinayamba kutero ngakhale potunga madzi akumwa kunyumba.

Zinthu zinkasowa kawirikawiri. Mabotolo a labotale atasweka tinkawiritsa a zakumwa zoziziritsa kukhosi m'chitini. Chaka china mankhwala ophera tizilombo m'madzi anatitheratu, ndipo galimoto yobweretsa ena inachedwa. A Nkhoma sanadikire chilolezo cha kulikulu. Ananditenga, tinayenda wapansi m'masukulu ndi m'mipingo kuuza anthu kuti awiritse madzi. Kalata yowadzudzula kuti akuopseza anthu itafika, anaiwerenga kawiri, naipinda bwinobwino, naiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. M'zaka zimenezo ndinakwatira agogo anu, a Nachisale, ndipo Tamanda anabadwa.

Karonga, m'zaka za m'ma 1990

Za ku Karonga ndinena zochepa. Ndinali ndi njinga yamoto imene nthawi zambiri inalibe mafuta, choncho mijigo yambiri ndinaiyendera pa njinga yakapalasa, mabotolo akulira m'bokosi kumbuyo. Kumeneko ndinatola Chiswahili pang'ono kwa oyendetsa magalimoto a ku Tanzania. Kumenekonso ndinagwira ntchito ndi injiniya wina wa ku South Africa amene anakonda kasungidwe kanga ka mabuku a zoyeza. Patapita zaka, iyeyo ndiye anandilembera kalata kuti kumene anali kunkafunika munthu wa labotale.

Ku gombe la Aarabu, m'zaka zoyamba za m'ma 2000

Dzina la dzikolo ndi la kampaniyo sindizitchula. Kunalibe mtsinje ngakhale umodzi, ndipo mvula ikagwa ana ankatuluka m'makalasi kukaiona. Mzinda wonse unkamwa madzi a m'nyanja ya mchere, ndipo ntchito ya fakitale yathu inali kuchotsa mcherewo. Madzi ankalowa m'mapaipi aakulu oti munthu n'kuyendamo choimirira. Ena ankawiritsidwa kuti tigwire nthunzi yake, ena ankakankhidwa ndi mapampu amphamvu kupyola m'masefa opyapyala. Mbali imodzi kunkatuluka madzi okoma opita m'mipopi ya anthu. Mbali ina kunkatuluka madzi otsalira, ofunda, a mchere wowirikiza, osakanikirana ndi mankhwala otsukira mapaipi, ndipo amenewa ankabwezedwa m'nyanja kudzera m'paipi ya pansi pa madzi. Zonsezi zinkafuna moto wosazima. Pafupi nafe panali machumuni atatu a nyumba yopangira magetsi, ndipo utsi wake sunapume tsiku ndi limodzi lomwe pa zaka zonse zimene ndinakhalako.

Musaganize kuti ntchitoyo ndinkaida. Ndinkanyadira. Ndikadutsa pa chipatala cha mumzindamo ndi kuona mayi akusambitsa khanda, ndinkadziwa kuti madziwo adutsa m'manja mwanga. Ndipo ntchito imeneyi ndiyo inatumiza Tamanda kuno ku Toronto, ku yunivesite ya pakati pa mzinda, kukaphunzira za mankhwala, chinthu chimene anachilakalaka chiyambire ali ku pulayimale. A Nachisale anatsala ku Zomba, ine ndinkapita kamodzi pa chaka.

Lolemba lililonse ndinkakwera bwato kupita pa chigubu chofiira choyandama pamwamba pa kamwa la paipi yotayira ija, kukatunga madzi oti tione ngati sitikuononga nyanja. Pepala la malangizo linkangonena malo, silinkanena kuya kwake. Choncho ndinkachita monga a Nkhoma anandiphunzitsira: kutsuka katatu, kumiza mpaka m'chigongono, osakhudza pansi. Kwa zaka zinayi zotsatira zinali zabwino, ndipo ine ndinkasaina ndi mtima woyera.

Mwini bwatolo anali msodzi wokalamba dzina lake Saidi, amene anakulira ku Zanzibar, kotero tinkamvana m'Chiswahili changa chothyokathyoka. Iye ankanditchula fundi, kutanthauza mmisiri, ine ndinkamutchula mzee, kutanthauza mkulu. Lolemba lina, ndili chiweramire pambali pa bwato, anandiyang'ana nthawi yaitali akutafuna kamtengo kotsukira mano.

"Fundi, ndikufunse funso la munthu wosaphunzira," anatero. "Nsomba zanga zimakhala pansi. Botolo lako limathera pa chigongono. Kodi awiriwa adzakumana liti?"

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Anapalasa pang'ono, nakoka chingwe cha mono wake umene anautchera pansi masiku awiri apitawo. Munalibe nsomba ndi imodzi yomwe. Munali matope akuda onunkha ngati dzira lovunda, ndi udzu wa pansi pa nyanja wofa, woterera.

"Pano bambo anga ankadzaza bwato," anatero. "Tsopano ndimapita kutali, mafuta a injini amandithera m'njira. N'chifukwa chake ndimanyamula iwe ndi mabotolo ako. Uli wopepuka kuposa nsomba, koma umabwera mlungu uliwonse."

Adzukulu anga, mwana wa sekondale aliyense amadziwa kuti madzi a mchere wambiri amalemera ndipo amamira. Inenso ndinkadziwa. Koma chidziwitsocho chinali m'mutu, pamene dzanja langa linali lidakali pa mtsinje wa ku Zomba, kumene madzi amathamanga ndi kusakanikirana okha. Madzi athu otsalira ankatuluka m'paipi ndi kuyala pansi pa nyanja ngati bulangete, ine ndikutunga oyera pamwamba pake.

Mlungu wotsatira tinamanga botolo ku chingwe chachitali, ndi mtovu wa pa ukonde wa Saidi kuti limire, ndi kachingwe kena kozulira chitsekerero likafika pansi. Nditayeza, mchere unali woposa uliwonse umene ndinaulembapo, ndipo mpweya umene nsomba zimapuma unali wochepa kwambiri. Ndinabwereza milungu isanu ndi umodzi, ndikuyembekeza kuti mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse.

Ndinapita nazo kwa mkulu wa labotale, a Faruki. Anali munthu wabwino, amene pa nthawi yawo ya kusala kudya ankaonetsetsa kuti ife Akhristu tapeza chakudya cha masana. Anawerenga mapepala anga, natseka chitseko.

"Ndani anakutuma kutunga pansi?" anandifunsa.

"Palibe, bwana."

"Pepala la malangizo waliphwanya pati pa zaka zinayi zapitazi?"

"Sindinaliphwanye."

"Ndiye vuto lili pati, m'bale wanga?" Anavula magalasi natikita maso. "Tamvera. Ukalemba lipoti limeneli, funso loyamba sadzafunsa za nsomba. Adzafunsa kuti amene wakhala akutunga madzi zaka zonsezi ndani. Dzina lili pansi pa mapepala onse ndi lako. Uli ndi mwana ku Canada. Ine ndili nawo atatu. Ndipo mzinda uno sungasiye kumwa madzi chifukwa cha mono wa mkulu mmodzi."

Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandilemera. Lamlungu masana ndinaimbira foni a Nachisale ndi kuwafotokozera zonse.

"Bambo a Tamanda, mukundifunsa kapena mukundiuza?"

"Ndikukufunsani."

"Ayi, mukundiuza. Ndakhala nanu zaka zingati? Mukasaina chinthu mukudziwa kuti n'chabodza, mudzabwera kuno ndi nkhope yoti ine sindingagone nayo nyumba imodzi. Lembani. Koma mwanayo musamuuze tsopano, ali pa mayeso."

Ndinalemba, ndipo ndinayamba ndi kulakwa kwanga. Palibe amene anandikalipira. Akuluakulu a kampani anandithokoza m'kalata ya mizere itatu, nandichotsa pa ntchito ya pa bwato, ndipo chaka chitatha mgwirizano wanga sanauwonjezere. A Faruki anandiperekeza okha ku bwalo la ndege, nandipatsa bokosi la zipatso za kanjedza kuti ndikapatse akazi anga. Saidi sindinatsanzikane naye, pakuti tsiku limenelo anali kutali pa nyanja.

Nditafika ku Zomba ndinaimbira Tamanda. Mayeso anali atatha, ndipo ndikanatha kumuuza. Koma ndinachita manyazi awiri: manyazi akuti ine, munthu wonyadira kasungidwe ka mabuku, ndinalakwitsa zaka zinayi, ndi manyazi akuti ndinaika nsomba za mlendo patsogolo pa sukulu ya mwana wanga. Ndinamuuza kuti kutentha kwa kumeneko kwandigonjetsa, ndatopa, ndasiya ndekha.

"Chabwino, ababa," anatero ndi mawu aang'ono. "Pumulani."

Chaka chimenecho anasiya yunivesite. Anayamba ntchito yosamalira okalamba ku Scarborough, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, ndipo patapita zaka zambiri anaphunzira unamwino pang'onopang'ono. Za mankhwala sanabwererenso.

Scarborough ndi North York, kuyambira m'zaka za m'ma 2010

Tamanda yemweyo ndiye anatiitanitsa kuno. Anatilandira bwino, anatigulira majekete a chisanu, ndipo sanatchulepo za sukulu yake. Koma pakati pa iye ndi ine panali ulemu wochuluka kuposa umene umayenera kukhala pakati pa bambo ndi mwana. Ankaseka ndi amayi ake m'khichini, ine ndikalowa ankandifunsa ngati ndamwa mankhwala. Ntchito yanga yotsiriza inali yoyeza madzi a dziwe losambiramo pa malo ena a masewera, ndipo anzanga ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani ndimatunga kawiri, pamwamba ndi pansi. A Nachisale anatisiya ndisanapume pa ntchito. Ali m'chipatala anandiuza kuti, "Ndinati musamuuze tsopano. Sindinati musamuuze konse." Ndinalonjeza, koma ndinapitiriza kuzengereza.

Nditapuma, nyumba inandikulira, ndipo ndinalembetsa ku koleji ina ku North York kuti ndiphunzire za chilengedwe. Ndimakwera basi ndi sitima ya pansi pa nthaka katatu pa mlungu, chikwama kumsana. M'kalasi ndine wamkulu kuposa onse, ndipo anzanga amanditchula ankolo. Mphunzitsi wathu ndi wamng'ono kwa Tamanda. Tsiku lina anatiphunzitsa za mafakitale ochotsa mchere m'madzi. Anafotokoza kuti pamene magetsi ake achokera ku mafuta kapena gasi, kapu iliyonse ya madzi imasiya mpweya wotenthetsa dziko m'mlengalenga, ndipo kutenthako kumawonjezera chilala chimene chimachititsa anthu kufuna mafakitale enanso. Ndinakumbukira machumuni atatu aja. Ndinawaona tsiku ndi tsiku, ndinapukuta mwaye wake pa zenera la labotale, koma sindinawawerengepo ngati mbali ya madzi amene ndinkayeza. Ndinaganizanso za abale athu kumudzi amene masiku ano sadziwa tsiku lodzala, ndi za milatho imene madzi osefukira akhala akukokolola. Sindikunena kuti fakitale yathu yokha ndiyo inachita zimenezo. Ndikunena kuti inali m'gulu, ndipo ine ndinali momwemo.

Mphunzitsi anafunsa ngati pali wina amene anaonapo fakitale yotere. Ndinakweza dzanja. Ndinkafuna kunena mawu awiri okha, koma ndinafotokoza zonse, za Saidi, za chingwe, za lipoti. Anzanga anandiombera m'manja. Ndili m'basi pobwerera, ndinazindikira kuti ana a eni odzaza kalasi akudziwa tsopano chimene mwana wanga, amene analipira mtengo wake, sakuchidziwa.

Mwezi watha

Linali Loweruka masana. Tinali awiri m'chipinda chochapira zovala pansi pa nyumba yathu ya nsanjika, Tamanda akupinda mayunifolomu ake, ine ndikugwirizanitsa masokosi anu. Ndinayamba ndi mawu akuti, "Mwanawe, ndinakunamiza," ndipo ndinapitiriza osamuyang'ana mpaka kumapeto. Mawu ake ndiwalemba monga anawanenera, ngakhale amasakaniza.

"Ndiye mukuti simunasiye nokha?"

"Anandisiyitsa. Koma ndinadziwa kuti adzatero."

"Amayi ankadziwa?"

"Ankadziwa."

Anaika malaya pansi. "Ababa, mukudziwa zimene ndakhala ndikuganiza zaka zonsezi? Ndinkanyamula agogo a anthu kuwaika pa bedi, msana ukuwawa, ndikudziuza kuti bambo anga anatopa ndi dzuwa. Dzuwa. Ndinadropa sukulu chifukwa munthu wamva kutentha. Ndinkapita ku tchalitchi kukapempha Mulungu andichotsere mkwiyo, chifukwa munthu sukwiyira bambo ako kuti atopa."

"Ndinaopa kuti udzati ndinasankha nsomba."

"Munasankhadi nsomba." Anatenga dengu la zovala. "Ndikuchedwa ku shifiti."

Kwa masiku atatu sanandilankhule kupatula moni. Inu munaona, ndipo iwe Mphatso unandifunsa ngati ndaswa chinthu. Ndinayamba kuganiza zofunsa a Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene timapemphera limodzi, ngati akudziwa kachipinda kochita lendi.

Lachitatu m'mawa ndikumanga nsapato kuti ndikakwere basi, Tamanda anatulukira atanyamula makiyi a galimoto. "Tiyeni ndikudropeni," anatero. Tinayenda mpaka tinaima pa maloboti ena a ku North York.

"Nsombazo zinabwerera?" anafunsa akuyang'ana kutsogolo.

"Sindikudziwa. Ndinamva kuti patapita zaka paipi ija anaitalikitsa ndi kuiboola malo ambiri kuti madzi azimwazikana. Kaya chinali chifukwa cha lipoti langa, kaya ayi, palibe anandiuza."

"Ndiye mwina zonsezi zinangopita pachabe."

"Mwina."

Anapukusa mutu, naseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Ngakhale pano simungandinamize pang'ono kuti mtima ukhale pansi?"

"Ndinakunamiza kamodzi, mwanawe. Waona kumene zatifikitsa."

Tinafika pa koleji, koma sanatsegule zitseko. Anazimitsa injini natembenukira kwa ine.

"Mukanandiuza, ndikanalira. Mwina ndikanakutukwanani mumtima chaka chathunthu. Koma ndikanadziwa kuti ndikuvutikira chiyani. Lipotilo sindikukuimbani nalo mlandu, ababa. Inenso kuntchito ndikapeza kuti tchati cha wodwala chalakwika ndimaripota, ngakhale wolakwitsayo ndi ine. Ndinkadabwa kuti khalidwe lovutitsali ndinalitenga kwa ndani, pamene bambo anga ndi munthu wothawa dzuwa." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Chimene munandilanda si yunivesite. Munandilanda bambo amene ndikanamanyadira."

Anandikonzera kolala ya jekete imene inapindikira m'kati, monga ankachitira amayi ake.

"Buku lanu mukulembali," anatero, "izi mulembamo?"

"Ngati undilola."

"Lembani. Koma musandikongoletse. Mulembe kuti ndinakwiya, ndipo mkwiyowo sunathe wonse. Mulembenso kuti Loweruka mudzandifotokozeranso kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno muzindiyang'ana kumaso."

Ndalemba monga anandiuzira. Loweruka limenelo tinakhala pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka inu munabwera kudzadandaula njala, ndipo ndinamuyang'ana kumaso nthawi yonseyo.